Nkhanu Imene Inadyedwa Zaka Zisanu ndi Chimodzi

Tokuko anayamba kupsa mtima mlamu wake asanavule n'komwe nsapato.

A Fusae anaima pakhomo ndi chikwama cha matayala, mphuno ili m'mwamba, akununkhiza nyumba imene anabadwiramo ngati afika pa msika wa nsomba dzuwa litapendeka. Kumbuyo kwawo kunali amuna awo, a Norikazu, munthu amene chikwatirireni amayankhula pokhapokha akaloledwa.

"Alamu, m'nyumba muno mukumveka mankhwala," anatero a Fusae.

"Muli munthu wa zaka 88, alamu. Mumati mumveke maluwa?"

Munthu wa zaka 88 ameneyo anali a Genzo, bambo a Fusae, apongozi a Tokuko, ndipo tsikulo linali la phwando lawo. Tokuko anakwatiwa ndi mwana wawo wamwamuna. Mwanayo anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, koma Tokuko sanasamuke. Ndiye amasambitsa a Genzo, kuwameta, kuwawenga zikhadabo za kumiyendo zolimba ngati zigoba za nkhono. A Fusae amabwera kuchokera kumzinda wa Nagoya kawiri pachaka, atanyamula maswiti olimba a mpunga, kudzapatsa munthu amene m'kamwa mwake dzino lomaliza linatsanzika kalekale.

Ulendo uno sanabwere ndi maswiti okha. Atangokhala pamkeka anasolola envelopu, n'kuiyika pathebulo, n'kuisisita ngati mwana wa mphaka.

"Malo apezeka kunyumba yosungirako okalamba, pafupi ndi kwathu. Kuli anamwino usana ndi usiku. Kwangotsala chidindo cha bambo papepala ili. Adinda tikatha kudya."

"Mwawafunsa eni ake?"

"Tiwafunsa atakhuta. Inu mwayesetsa, alamu, sitikukana. Koma taonani mmene aondera. Sitikudziwa kuti kuno akudya chiyani."

Tokuko anaimirira n'kupita kukhitchini, chifukwa mawu amene anali pa lilime lake sanali oyenera tsiku la phwando. Sitikudziwa kuti akudya chiyani. Ndipo choipa pa zonse chinali chakuti pamenepo a Fusae ananena zoona. Samadziwadi, ndipo Tokuko sankafuna kuti adziwe.

A Genzo anagwira ise-ebi, nkhanu ya ndevu zazitali ija, zaka makumi asanu m'miyala ya m'nyanja kuno ku Shima. Ankati munthu wa kuno akaleka kudya nkhanu, mum'yeze bokosi. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nthuli ya nkhanu inawaima pakhosi. Nkhope inachita bii, maso tong'o, Tokuko akuwamenya kumsana ngati akukuntha matiresi, mpaka nthuliyo inakagwera patsogolo pa wailesi yakanema. Adokotala anati basi, kuyambira lero zofewa zokhazokha. A Genzo anamva, anabwera kunyumba, anatseka pakamwa. Phala ayi, dzira ayi. Masiku anayi akungoyang'ana kudenga.

Tsiku lachisanu Tokuko anakwera basi n'kupita kusitolo ya tauni ina, kutali ndi maso a anthu om'dziwa. Anagula nkhanu ya m'pepala, yabodza ija: nsomba yoyera yogaya, youmbidwa ngati mchira wa nkhanu, yopakidwa utoto wofiira pamsana kuti ioneke ngati inasambirapo m'nyanja. M'mudzi wa asodzi a nkhanu, kugwidwa nayo m'chikwama n'chimodzimodzi kugwidwa ndi mwamuna wa mnzako.

Anaidula tizidutswa ting'onoting'ono, anasakaniza ndi chilazi chopala ndi choyera cha dzira, anaiphika pa nthunzi mpaka inafewa ngati tofu, chakudya chofewa cha soya chija. Pamwamba anapaka miso, phala lamchere la soya lija, ndi chikasu cha dzira, n'kuiwambako pang'ono kuti ipserere m'mbali. Kenako anatenga chigoba cha nkhanu yomwe ija inafuna kupha apongozi ake, chimene anachitsuka n'kuchiumitsa, analongamo zonse, mutu n'kuuimika bwinobwino, ndevu zili njoo. A Genzo anayang'ana, anatola timitengo todyera, anadya mbale yonse.

Kuyambira pamenepo nkhanu imodzi yomweyo inkabwera pathebulo pa Chaka Chatsopano, pa tsiku lawo lobadwa, ndiponso mwezi uliwonse a Genzo akayamba kuyang'ana kudenga. Chigoba china Tokuko akanachitenga kuti? Kupempha kwa aneba n'kulengeza pa wailesi. Kugula nkhanu yeniyeni ndiye ayi, nkhalamba ija ikanainunkhiza n'kukaiba mufiriji. Choncho chigoba chomwecho ankachitsuka ndi mswachi wa a Genzo, poti mswachiwo unalibenso ntchito ina. Chitayamba kutuwa anachipaka utoto wa m'zikhadabo. Ndevu ya kumanzere itathyoka anaimata ndi guluu.

Nanga zikanathera pomwepo? Msodzi sanamizika ndi maso okha. Tsiku la nkhanu Tokuko ankatsetsereka kudoko m'mawa ndi ndowa, n'kubwerera atatunga madzi a m'nyanja, mkati muli mwala woti uzigunda. Ankadutsa nayo pakhomo la chipinda cha apongozi akuwefuka. Akalowa kukhitchini ankatseka chitseko, n'kumakhuta chala chonyowa pa chivundikiro cha pulasitiki kuti chizilira kwii, kwii, monga imalirira nkhanu ukaigwira pamsana. Kenako mpeni pathabwa, gu. Mayi wa zaka 63, wa ulemu wake, wa mawondo otupa, kulira ngati nkhanu yekhayekha kukhitchini. Ndiye wina abwere ndi chikwama cha matayala kudzati sitikudziwa kuti akudya chiyani.

Tsiku la phwandoli anachita zonsezo, kwii kwii ndi gu yemwe, koma mpeniwo anaumenya mwamphamvu kuposa masiku onse.

A Genzo anawaveka chovala chachikasu ndi kapusi yachikasu monga amavalira a zaka 88, n'kuwakhazika kumutu kwa thebulo, akuoneka ngati papaya wakupsa. Panali mpunga wofiira wa nyemba, ndiwo zamasamba, ndi mowa wa sake wotenthetsa. Kenako Tokuko analowa ndi mbale yaikulu, nkhanu itagona pa masamba a nsungwi, ili psuu, ikunyezimira kuposa nkhanu iliyonse imene inatulukapo m'madzi.

"Mwagula kwa ndani?" anafunsa a Fusae.

"Kwa munthu wanga."

A Genzo anatapa, anaika m'kamwa, nkhama zinayamba ntchito. A Norikazu analawa, n'kuyang'ana akazi awo kuti aone ngati zikukoma.

"Izi ndiye za kwathu," anatero a Fusae, atatsinzina. "Kufewa kwakeku. Ku Nagoya anthu amadya zabodza za m'pepala zija, n'kumati nkhanu. Ine zimene zija ndimazidziwira pakhomo pomwe."

"Lilime lanu ndi lakuthwa, alamu," anatero Tokuko, n'kuwaonjezera ina.

Mtima wake unayamba kukhala pansi. Mbale inatha mbee. Ankangodikira kuti anyamule chigoba chake, akachibise pamwamba pa kabati monga mwa masiku onse. Koma dzanja la a Fusae linafika pambaleyo poyamba.

"Mutu ndiphika ndine."

Kuno nkhanu sithera pa mnofu. Mnofu ukatha, mutu umalowa mumphika, amauswa pakati kuti mafuta achikasu a mkati asungunukire m'msuzi wa miso, ndipo mwini phwando ndiye amayamba kumwa. Aliyense amadziwa zimenezo, ngakhale mwana. Tokuko nayenso ankadziwa, koma zaka zisanu ndi chimodzi a Genzo sanafunsepo za msuzi wa mutu, ndipo iye ankangoti ukalamba wawaiwalitsa, mwayi wake. Anali ataiwala kuti mlamu wake sanakalambe kufika pamenepo.

"Khalani pansi, alamu, ndinu alendo."

"Alendo m'nyumba ya bambo anga? Msuzi umenewu ndinaphunzira ndili ndi zaka khumi."

"Adokotala analetsa mchere."

"Ndithira miso pang'ono."

"Mphika ndi wakuda."

"Nditsuka."

Tokuko anafuna kudzuka kuti awatsekereze, koma mawondo a munthu amene wakhala chogwada ola lathunthu sadzuka ukawauza. Pamene ankagwira khoma, n'kuwongoka, n'kukoka mwendo umene unachita dzanzi, madzi anali atawira kale m'ketulo, ndipo mutu wa nkhanu unali mumphika.

Fungo ndilo linayamba kufika. Silinali la nyanja. Linali fungo la kumene amayi amakakonzetsa tsitsi ndi zikhadabo. A Fusae anavundukula mphika. Pamwamba pa madzi pankayandama timikwingwirima tofiira, tikupindika ngati zikopa za tomato. Ndevu ya kumanzere inali itachoka yokha, ikuzungulira mumphika pang'onopang'ono. Mutuwo unali utayera, ndipo atautembenuza ndi chipande, mkati munali mbee, moyera kuposa kapu ya alendo.

A Fusae anapita pa bini ya zinyalala, anachotsa masamba a kabichi a pamwamba, anatulutsa pepala la nkhanu yabodza ija ndi zala ziwiri, n'kulinyamula chomwecho mpaka pathebulo, mphika uli kudzanja linalo.

"Nsomba yogaya," anawerenga mokweza. "Ufa. Dzira. Shuga. Utoto. Bambo, mwamva zimene mwadya pa phwando lanu?"

"Mwadya nawo, alamu. Kawiri," anatero Tokuko ali pachitseko.

"Inu musandiyankhe. Munthu amene anagwira nkhanu zaka makumi asanu, mukum'dyetsa zinthu za m'pepala, m'chigoba chopenta ngati chala cha mtsikana? Mwayamba liti?"

"Tsiku limene ndinakuimbirani kuti bambo atsamwa, inu n'kuti ndiwamwetse madzi, muli pa mzere kokonzetsa tsitsi."

"Bambo a Emi," a Fusae anatembenukira kwa amuna awo, "pitani kudoko mukagule yamoyo. Yaikulu. Bambo anga adye chinthu chenicheni kamodzi asanachoke m'nyumba ino."

A Norikazu anatuluka msangamsanga, nkhope ikuoneka kuti athokoza.

Tokuko anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa mpaka kumakutu. Sikunali kuchita manyazi ayi. Manyazi anawataya kalekale pa chivundikiro cha pulasitiki chija.

"Yamoyo? Mukaigula mudzawatafunira ndinu? Munalipo inu nkhope itachita bii? Munawaona masiku anayi akukana ngakhale madzi a mpunga? Mwati aonda. Anali makilogalamu 41 nditayamba, lero ndi 49, ndimawayeza Lamlungu lililonse nditawakumbatira pa sikelo ngati mwana. Zabodza zimenezi ndi zimene zawafikitsa pa kapusi yachikasuyi. Zenizeni zija zikanawafikitsa pa chithunzi cha pakhoma, pambali pa mwamuna wanga."

"Ndiye mumawanamiza. Munthu wamkulu, mumamusewera ngati khanda." A Fusae anakankhira envelopu patsogolo pa bambo awo, n'kuikapo kabokosi ka chidindo. "Bambo, mwaona nokha. Kumene tikupitako kulibe zachinyengo. Dindani apa."

Nthawi yonseyi a Genzo sanayang'ane pepala, sanayang'ane mwana wawo, sanayang'anenso mpongozi wawo. Ankayang'ana mumphika. Anatenga timitengo tawo, anavuula ndevu ija, n'kuigoneka pambale mosamala ngati munthu wovulala.

"Wawiritsa ndani?" anafunsa.

"Ndine, bambo. Ndimafuna ndikukonzereni msuzi, n'kupeza kuti..."

"Unandifunsa?"

A Genzo analoza mumphika ndi timitengo.

"Nkhanu iyi ndinagwira ndine. Yomaliza. Ukonde wanga womaliza, kuseri kwa mwala wa akhwangwala. Mwendo wachitatu wa kumanja ndi waufupi, unathyoka n'kuphukanso. Zaka zisanu ndi chimodzi yakhala ikubwera pathebulo langa, sinalakwire munthu. Iwe wabwera lero, maola atatu sanakwane, waipha kachiwiri."

Tokuko anagwira chitseko.

"Bambo," anatero pang'onopang'ono, "mumadziwa?"

"Iwe, nkhanu yanga ndingaiiwale? Ndiponso nkhanu yanji imene imabwera ndi ndevu yomata malo amodzimodzi chaka ndi chaka? Umaganiza kuti msuzi wa mutu sindinkaufuna? Ndinkangoopa kumwa utoto."

"Ndiye ndowa ija..."

"Mwala umagunda mosiyana ndi nkhanu."

"Ndi kulira kuja?"

Apa nkhama za a Genzo zinaonekera zonse. "Kumene kuja ndiye ndimadikira mwezi wonse. Chaka choyamba unkalira ngati chitseko. Koma tsopano wafikapo. Lero unalira ngati yaikazi ya mazira."

Tokuko anakhala pansi pomwepo pachitseko. Anawerenga mumtima maulendo a kudoko, mvula ikugwa, mphepo yozizira ya mwezi wa Januwale ikudula makutu, ndowa ya madzi ndi mwala akuikwezera pachitunda, mawondo akulira kuposa chivundikiro. Ndipo nkhalamba iyi ili gone pabedi, ikumvetsera ngati sewero la pa wailesi.

"Simukanatha kunena? Zaka zonsezi?"

"Ndikananena ukanayamba kundipatsa m'mbale ya phala, ndi supuni, ngati wodwala. M'chigoba ndimadya ngati msodzi." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Kumene ukunenako, alipo amene angandilirire ngati nkhanu?"

"Bambo, kuli anamwino ophunzira."

"Ndafunsa ngati amalira."

A Fusae anayang'ana pansi. Maso awo anali atafiira, ndipo mawu anatuluka aang'ono, osati a ku Nagoya aja. "Ine ndimangofuna msuzi uja. Kale munkandipatsa ine poyamba, amayi akukalipa."

"Ndikukumbuka. Unkamwa mpaka kudontheza pa malaya." A Genzo anatola kabokosi ka chidindo, anakalowetsa m'thumba la chovala chachikasu, n'kumenyapo kawiri. "Pepalalo ubwerere nalo. Ukafuna kundiona, basi ilipo. Maswiti aja uleke, amene amawadya ndi a positi."

Pomwepo chitseko cha panja chinatseguka, a Norikazu analowa akuwefuka ndi ndowa yobwereka. Mkati munkagunda chinthu, ndipo Tokuko, ngakhale anali wokwiya, anamva yekha kuti n'zoona, mwala sugunda choncho. A Norikazu anaitulutsa ataigwira pamsana, ndevu zikukwapula mpweya, ndipo inalira kwii, kwii.

"Wamva?" anatero a Genzo kwa Tokuko. "Kumapeto imatsitsa mawu. Iwe umakweza."

Tokuko analanda nkhanuyo m'manja mwa a Norikazu, analowa nayo kukhitchini, ndipo ulendo uno chitseko anachisiya chotsegula. Gu wake anamveka mpaka kwa aneba.

Mutu anawapatsa a Fusae. Anauswa okha, anaphika msuzi mumphika wina, anausefa kawiri pa nsalu kuti pasatsale kachidutswa, n'kupereka kwa bambo awo ndi manja awiri. A Genzo anamwa, n'kutseka maso. Kenako anakankhira mbaleyo kwa mwana wawo kuti amalize.

Mnofu wonse Tokuko anauika pambale imodzi, n'kukhala nayo yekha kumapeto kwa thebulo. A Norikazu anatambasula timitengo, iye anangowayang'ana, timitengo tinabwerera. Zaka zisanu ndi chimodzi anali asanalaweko nkhanu yeniyeni, poopa kuti apongozi angamve fungo pakamwa pake. Anatafuna pang'onopang'ono, pamaso pa onse, ndipo chinam'psetsanso mtima n'chakuti inali yokoma kwambiri.

"Chigoba cha kumchira usaswe," anatero a Genzo. "Mutu wapita ndi msuzi, koma wakalewu ungathe kupentedwanso. Ndevu uimate bwino."

"Mupenta nokha. Ndipo kudoko sindipitanso ndi ndowa."

"Ndowa ikhale. Koma kulira?"

"Alira ndi a Fusae. Abwera mwezi wamawa, ndiwaphunzitsa. Lilime lawo ndi lakuthwa, chala sichingawavute."

A Fusae anatsegula pakamwa, anayang'ana bambo awo, amene ankawayang'ana ndi chiyembekezo chonse pansi pa kapusi yachikasu, ndipo anatsekanso.

Madzulo alendo atapita, envelopu itabwerera m'chikwama cha matayala, Tokuko anaima pa sinki akutsuka zigoba ziwiri ndi mswachi uja. Kuchipinda kunamveka mawu.

"Tokuko."

"Bambo?"

"Ya lero ija mchere unachuluka."

Tokuko anazimitsa mpope, anayang'ana kudenga kanthawi, n'kuyambanso kutsuka.